KALINOVKA: MBIRI YA MUDZI WA KU RUSSIA NDI ULIMI WAKE

Mudzi ndi Dziko Lake

Kumadzulo kwa dziko la Russia, m'chigawo cha Kursk, kufupi ndi malire a dziko la Ukraine, kuli mudzi dzina lake Kalinovka. Midzi ya dzina limeneli njambiri m'dzikomo, pakuti kalina ndi chitsamba cha zipatso zofiira chimene chimamera m'malo a chinyontho, ndipo anthu a kumeneko amachikonda. Koma mudzi wa ku Kursk uwu unamveka kuposa inzake chifukwa ndimo munabadwira Nikita Khrushchev m'chaka cha 1894. Iyeyu anali mwana wa mlimi wosauka, koma atakula anatsogolera dziko lonse la Soviet Union kuyambira 1953 kufikira 1964. Mbiri ya mudziwu ionetsa chinthu chimodzi chimene chinasautsa alimi a ku Russia kwa zaka mazana atatu: munthu wogwira khasu sanali ndi mawu pa za mbewu yoti abzale, kapena pa za dzinthu zimene anakolola.

Chigawo cha Kursk chimawerengedwa pamodzi ndi maiko a dothi lakuda, ndilo dothi lobereka koposa m'Russia monse. Koma nyengo ya kumeneko njouma mtima. Kuyambira mwezi wa November kufikira March nthaka imauma gwa ndi chisanu, minda yonse nikwiririka ndi chipale chofewa. Motero ntchito yonse ya chaka, kulima, kufesa, kumweta udzu ndi kukolola, iyenera kutha m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ng'ombe ndi akavalo zimakhala m'khola pafupifupi theka la chaka, zikudya zokhazo zimene mwini wake anazisungira m'chilimwe. Banja lopanda udzu wouma wokwanira linkafika posasula denga la nyumba kuti lidyetse ziweto. Nchifukwa chake nkhani ya chakudya cha ziweto inali yaikulu kumeneko monga nkhani ya chakudya cha anthu.

Masiku a Thangata

M'chaka cha 1649 mfumu yaikulu ya Russia, imene ankaitcha Tsar, inakhazikitsa lamulo lomanga alimi pa nthaka imene anabadwirapo. Mlimi wokhala pa malo a bwana sanaloledwe kusamuka, ndipo akathawa ankamlondola ngakhale patapita zaka zambiri. Ana ake ankabadwira m'goli lomwelo. M'maiko a dothi lakuda mabwana ankakonda thangata koposa msonkho wa ndalama, popeza tirigu wa m'minda yawo anali ndi malonda. Mwambo unali wakuti mlimi agwire masiku atatu pa mlungu m'munda wa bwana, ndi kavalo wake ndi zipangizo zake, masiku otsalawo nagwira m'munda mwake. Koma nthawi yokolola, pamene tsiku lililonse linali la mtengo wapatali, munda wa bwana ndiwo unkayamba. Khrushchev mwini wake ankanena poyera kuti agogo ake anali mmodzi wa anthu otere, amene bwana ankatha kuwagulitsa.

Minda ya mudzi inkagawidwa patatu. M'chigawo choyamba ankafesa rayi, mbewu yonga tirigu imene imapirira chisanu. Ankaifesa kumapeto kwa chilimwe, nigona pansi pa chipale miyezi yonse yozizira, nidzakololedwa mu July chaka chotsatira. Ufa wake ndiwo unkapanga mkate wakuda, chakudya chenicheni cha mlimi wa ku Russia. M'chigawo chachiwiri ankafesa mbewu za m'masika a kumeneko monga otsi, chakudya cha akavalo, ndi mapira. Chigawo chachitatu chinkagona tsala kuti nthaka ipume, ziweto zikudyamo. Chaka ndi chaka zigawozi zinkasinthana. Kuseri kwa nyumba kunali kamunda ka kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Anthu a ku Kursk ndi ku Orel ankalimanso mbewu ya mtundu wa chamba chifukwa cha luzi lake lopotera zingwe ndi kuombera nsalu, ndiponso mafuta a njere zake, ndipo mbewu imeneyi ndiyo inkabweretsa ndalama pakhomo.

Chigawo chilichonse chinkadulidwa m'ndime zazitali zopyapyala, banja lililonse nilandira ndime zingapo, zina pa nthaka yabwino, zina pa yoipa, kuti pasakhale wodandaula. Ogawa ndimezi anali bwalo la eni mabanja lotchedwa mir. M'midzi yambiri bwaloli linkagawanso minda pakapita zaka, molingana ndi kuchuluka kwa anthu pa banja. Mwambo umenewu unkateteza amasiye ndi osauka, komanso unkamanga manja a munthu wakhama. Iye sakanabzala mbewu yosiyana ndi ya anzake, pakuti akangotha kukolola ziweto za mudzi wonse zinkalowa m'minda. Ndiponso sankaona chifukwa chothirira manyowa ambiri pa ndime imene mawa ikanapatsidwa kwa wina.

Ufulu wa Ngongole

M'chaka cha 1861 Tsar Alexander II anamasula alimi okwana ngati 23 miliyoni m'manja mwa mabwana awo. Koma ufuluwo unadza ndi ngongole. Boma linalipira mabwana mtengo wa minda imene inapatsidwa kwa alimi, ndipo alimiwo anayenera kubweza ndalamazo ku boma kwa zaka 49. M'maiko a dothi lakuda mabwana anadula minda ya alimi nasunga mbali yabwino, pamodzi ndi madambo a udzu ndi nkhalango. Ngongoleyo inali ya mudzi wonse pamodzi, kotero kuti munthu sakanachoka popanda chilolezo cha bwalo. Tsono anthu anachuluka, koma nthaka sinakule. Ndime zinanka zichepa, alimi nayamba kubwereka minda kwa mabwana omwewo, kulipira ndi ndalama kapena ndi thukuta lawo.

Pothawa umphawi umenewu amuna ambiri a ku Kursk anayamba kunka kumwera, ku migodi ya malasha ya ku Donbas, kukagwira ntchito miyezi ya chisanu ndi kubwerera kumudzi nthawi yolima. Sergei Khrushchev, atate wake wa Nikita, anali mmodzi wa iwo. Mwanayo anayamba kuweta ziweto ali wamng'ono ndithu, naphunzira sukulu zaka zowerengeka zokha. Patapita zaka zambiri, pochezera dziko la America mu 1959, iye anasimbira anthu a kumeneko kuti anayamba ndi kuweta anaang'ombe, kenaka nkhosa, kenaka ng'ombe za bwana, asanakalowe ntchito m'mafakitale ndi m'migodi ya azungu a maiko ena. Mu 1908 banja lonse linasamukira ku tauni ya migodi ya Yuzovka, imene lero itchedwa Donetsk.

Mitima ya otsala kumudzi inali itawawa kale. Mu February 1905, m'boma la Dmitriev, momwe munalinso Kalinovka masiku amenewo, alimi anayamba kuthyola nkhokwe za mabwana ndi kututa tirigu pa ngolo zawo. Chipolowecho chinafalikira ku Orel ndi ku Chernigov, ndipo chisanathe chaka chinali chitagwira zigawo zambiri za dzikolo. Boma linatumiza asilikali, komanso linachita mantha, nilifafaniza ngongole ya minda kuyambira 1907. Nduna yaikulu Pyotr Stolypin inalola mlimi aliyense wofuna kutuluka m'bwalo la mir kuti asonkhanitse ndime zake pamalo amodzi, zikhale zakezake. Ena anatero, koma ambiri anakhalabe m'mwambo wakale, ndipo nkhondo ya 1914 inadukiza ntchitoyo.

Munda wa Onse

Chaka cha 1917 ufumu wa Tsar unagwa, ndipo mu November chipani cha Bolshevik chotsogozedwa ndi Lenin chinalanda boma. Lamulo lake lina loyamba linalanda minda ya mabwana popanda malipiro, alimi naigawana okha. Uku kunali kukwanira kwa zimene makolo awo ankalakalaka. Koma nkhondo ya pachiweniweni itabuka, boma latsopanolo linatumiza magulu a mfuti kukatenga tirigu m'midzi kuti lidyetse asilikali ndi anthu a m'matauni. Njala ndi matenda zinalowa m'midzi. Khrushchev anali atabwerera ku Kalinovka mu 1918 pothawa asilikali a Germany, ndipo iye ali kunkhondo mkazi wake woyamba, Yefrosinia, anafera m'mudzimo ndi nthenda ya typhus. Mu 1921 Lenin analeka kulanda tirigu naika msonkho wodziwika, nalola alimi kugulitsa zotsala. M'zaka zotsatirazo mlimi wa ku Russia analima munda wake wopanda bwana ndiponso wopanda woyang'anira wa boma.

Kumapeto kwa 1929 Stalin analamula kuti minda, akavalo ndi zipangizo za mabanja onse ziphatikizidwe m'munda umodzi wa onse, wotchedwa kolkhoz. Alimi opezako bwino anawatcha kulak, nawalanda zonse. M'zaka za 1930 ndi 1931 anthu okwana ngati 1.8 miliyoni anatengedwa kunka ku chibalo kumpoto, ku Ural ndi ku Siberia. Ambiri anasankha kupha ziweto zawo m'malo mozipereka, kotero kuti pofika 1933 ng'ombe ndi akavalo m'dziko lonse zinali zitatsika pafupifupi ndi theka. Boma linkatenga gawo lake la dzinthu poyamba, chaka chikome kapena chiipe. Lamulo la pa 7 August 1932 linaika chilango cha imfa kapena zaka khumi m'ndende kwa wakuba katundu wa kolkhoz, ndipo anthu anamangidwa chifukwa chokunkha ngala zotsalira m'munda. Njala ya 1932 ndi 1933 inapha anthu mamiliyoni, makamaka ku Ukraine, ku Kazakhstan ndi kumwera kwa Russia, ndipo maiko a dothi lakuda nawo sanapulumuke.

Malipiro a m'kolkhoz sanali a pa mwezi. Woyang'anira ankalemba m'buku masiku a ntchito a munthu aliyense, ndipo kumapeto kwa chaka, boma litatenga zake, mbewu itasungidwa, eni mathirakitala atalipidwa, zotsalazo ndizo zinkagawidwa molingana ndi masikuwo. Zaka zina kunalibe chotsala. Pamene boma linayamba kupereka ziphaso zoyendera m'dziko mu 1932, anthu a m'kolkhoz sanapatsidwe, motero anamangikanso pa nthaka monga agogo awo. Chimene chinasunga moyo wawo ndi lamulo la 1935 lolola banja lililonse kukhala ndi kamunda ka kuseri kwa nyumba, kawirikawiri kosaposa theka la hekitala, pamodzi ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, nkhumba ndi nkhuku. M'kamunda kameneka ndimo munkachokera mbatata, ndiwo ndi timakobiri ta pamsika.

Asilikali a Germany analowa m'chigawo cha Kursk mu 1941 nakhalamo kufikira 1943, chaka chimene kunamenyedwa nkhondo yaikulu ya akasinja yotchedwa ndi dzina la Kursk. Nkhondo itatha midzi inatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba, ndipo m'malo ambiri akazi ankalima ndi ng'ombe za mkaka kapena kukoka okha pulawo. Chilala cha 1946 chinabweretsanso njala. Ngakhale zinali tero, msonkho wa timinda ta kuseri unakwezedwa, ndipo unkawerengedwa ngakhale pa mitengo ya zipatso. Khrushchev anasimba m'zokumbukira zake za mbale wake wina wamkazi amene anagwetsa mitengo yake ya maapozi pothawa msonkhowo. Iye atakamba nkhaniyi kwa Stalin, anangodzudzulidwa.

Mwana wa Mudzi ndi Chimanga Chake

Stalin atamwalira mu March 1953, Khrushchev anakhala mlembi wamkulu wa chipani mu September chaka chomwecho. Pa atsogoleri onse a dzikolo iye ndiye ankadziwa fungo la khola, ndipo zoyamba zimene boma latsopano linachita zinali zanzeru: mitengo yogulira dzinthu, nyama ndi mkaka kwa alimi inakwezedwa, msonkho wa timinda ta kuseri nutsitsidwa. Kwa nthawi yoyamba anthu a m'kolkhoz anayamba kuona ndalama.

Iye sanaiwale kwawo. Ankafikako kawirikawiri, nayendera minda ndi makola, nakangana ndi alimi pa za kalimidwe. Mudzi umene unali wa nyumba zofolera ndi udzu unalandira makina, feteleza, mbewu zosankhika ndi akatswiri a zaulimi. Munamangidwa nyumba za njerwa, zina zosanja, ndi sukulu yophunzitsa zaulimi. Zokolola zinachuluka, mkaka unachuluka, ndipo Khrushchev ankatchula Kalinovka m'misonkhano yaikulu ya chipani monga chitsanzo choti midzi yonse itengerepo.

Mbewu imene ankaikhulupirira koposa inali chimanga. Maganizo ake anali ndi mutu. Anthu a m'matauni ankasowa nyama ndi mkaka chifukwa ziweto zinkasowa chakudya m'miyezi ya chisanu, ndipo iye anaona kuti chuma cha alimi a ku America chinatsamira pa chimanga chodyetsa ng'ombe ndi nkhumba. Kumene chimanga sichikanakhwima, ankati achidule chili chachiwisi, achiduledule ndi mapesi omwe, achikwirire m'maenje kuti chisaole, ng'ombe zidzadye m'chisanu. Anapalana ubwenzi ndi mlimi wa ku Iowa, Roswell Garst, amene anagulitsa mbewu ya chimanga cha haibulidi ku Soviet Union, ndipo mu September 1959 anakamchezera pa munda wake ku Coon Rapids. Minda ya chimanga, imene mu 1954 inali mahekitala oposa pang'ono 4 miliyoni, inafika ngati 18 miliyoni mu 1955, ndi 37 miliyoni mu 1962.

Pamenepa ndipo panagona cholakwa. Garst yemweyo ankachenjeza kuti chimanga chifuna dera lofunda, feteleza, mankhwala ndi makina. Ndipo Kalinovka anali nazo zambiri mwa izi chifukwa mwana wake anali pampando. Midzi ina zikwizikwi inangolandira lamulo lokha. Akuluakulu a zigawo, poopa kuoneka aulesi, anabzalitsa chimanga kumpoto ndi ku Siberia, kumene chisanu chinkachipha chisanafike m'chiuno. Pofuna malo a chimangacho analimitsa madambo a udzu ndi minda ya tsala, ndizo zinthu zimene zinkasunga ziweto ndi nthaka kuyambira kale. Alimi ankadziwa kuti sizidzatheka, koma panalibe wowafunsa. Mu 1957 Khrushchev analonjeza kuti dzikolo lipambana America pa nyama ndi mkaka m'zaka zowerengeka. Mkulu wa chigawo cha Ryazan, Alexei Larionov, analonjeza kupereka nyama yochuluka katatu m'chaka chimodzi. Anaphetsa ng'ombe zobereka ndi za mkaka zomwe, nagula zina m'zigawo zoyandikana, ndipo chinyengocho chitaululika anadzipha mu 1960. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuwonjezera apo, Khrushchev anayamba kupanikiza ziweto ndi timinda ta mabanja, poganiza kuti zinkachotsa mtima wa anthu pa munda wa onse. Nyama ndi mkaka zinasowa m'misika. Mu June 1962 boma linakweza mitengo ya nyama ndi batala, ndipo anthu a ntchito amene anachita chionetsero ku Novocherkassk anaomberedwa ndi asilikali. Chilala cha 1963 chinapeza nthaka yotopa ndi nkhokwe zopanda kanthu, kotero kuti dziko limene kale linkagulitsa tirigu ku Ulaya linakagula tirigu ku Canada ndi ku America. Mu October 1964 anzake a m'chipani anamchotsa pampando, ndipo minda ya chimanga inachepa msangamsanga, ngakhale m'madera amene chinkachita bwino.

Zaka za Pambuyo

Zina zimene alimi anayembekeza nthawi yaitali zinafika mochedwa. Lamulo la penshoni ya anthu a m'kolkhoz linakhazikitsidwa mu 1964, malipiro otsimikizika a ndalama anayamba mu 1966, ndipo lamulo lowapatsa ziphaso monga anthu ena onse linatuluka mu 1974. Koma pofika nthawiyo achinyamata anali atapeza kale njira zochokera kumudzi, kudzera ku usilikali, ku sukulu ndi ku mafakitale. M'zaka zimenezo timinda ta mabanja, timene tinali ngati magawo atatu okha pa magawo 100 a minda yonse yolimidwa, tinkatulutsa pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a zokolola zonse za dzikolo, ndi mbatata yoposa theka. Pa nthaka yokhayo imene mlimi ankalamulira yekha ndi pamene pankaoneka luso lake.

Soviet Union itatha mu 1991, boma la Boris Yeltsin linalamula kuti minda ya kolkhoz igawidwe kwa mamembala ake, aliyense alandire chikalata cha gawo lake. Koma ambiri anali okalamba, opanda thirakitala ndi ndalama, ndipo anabwereketsa kapena kugulitsa magawo awo, makamaka lamulo lololeza kugulitsa minda litakhazikitsidwa mu 2002. Nthaka yambiri ya ku Kursk inagwera m'manja mwa makampani aakulu olima tirigu, mizu yopangira shuga ndi soya, ndi kuweta nkhumba. Makina awo amafuna anthu ochepa, motero midzi inapitirira kuchepa anthu ngakhale zokolola zinachuluka. M'zaka za m'ma 2010 Russia anakhala dziko logulitsa tirigu wambiri kunja kuposa maiko onse, ndipo chigawo cha Kursk chinakhala chimodzi cha zigawo zokolola chimanga chambiri, chokhwima bwino, chifukwa cha mbewu zocha msanga, feteleza ndi makina. Kuyambira 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inasautsa midzi ya m'malire, ndipo mu August 2024 asilikali a Ukraine analowa m'chigawocho cha ku Sudzha, anthu ambiri a m'maboma a m'malire nasamutsidwa.

Chimanga chimene Khrushchev anachilakalaka chinadzamera ndithu pa nthaka ya kwawo, patapita zaka makumi asanu, pamene chinabzalidwa pa malo ochiyenera ndi zipangizo zochiyenera. Koma adzukulu a alimi amene anathyola nkhokwe za mabwana ku Dmitriev mu 1905, pofuna kuti nthaka ikhale ya woilima, ambiri a iwo ali m'matauni a Kursk ndi Moscow, ndipo minda ya makolo awo ikulimidwa ndi ena.